Mlendo Wopanda Kalata pa Ndakatulo ya Esinati

Nkhani iyi ndinkafuna ithere m'dayale yanga, pansi pa matiresi, pamene zinthu zochititsa manyazi zimayenera kukhala. Koma popeza sukulu yonse ikuidziwa, ndipo yafika kale kwa amayi ogulitsa tomato pa Songani itamera mchira ndi nyanga, bola ndiinene ndekha. Pempho langa ndi limodzi: mukafika poseka, sekani motsitsa. Ine sindichedwa kulira.

Ndili Fomu 3 pa sukulu ina kuno ku Domasi (dzina sinditchula, a hedi sanandilakwire kanthu). Tili ndi kalabu ya olemba, ndipo teremu yathayi Madamu Chikopa, amene amatiphunzitsa Chichewa komanso kompyuta, anatitsegulira tsamba la pa intaneti loti tiziikapo zolemba zathu. Ananenanso kuti nkhani kapena ndakatulo imene ikope alendo ambiri, mwini wake adzailakatula pa maikolofoni tsiku lotsekera sukulu, makolo ali pomwepo.

Ine maikolofoni ndimaiopa kuposa jekeseni. Akangonditchula dzina pa asembule ndimafuna kuthawa. Koma mwayi umenewu ndinaufuna ndi mtima wonse. Mwina ndinkafuna amayi andione nditaima kutsogolo kamodzi kokha, ngakhale ndikomokere pomwepo.

Ndinalemba nkhani ya mvula: mmene imatsikira kuchokera ku phiri la Malosa ngati nsalu yoyera imene wina akuikoka, fungo la dothi, amayi akuthamangira kukaanula ufa pa mkeka. Inanditengera milungu itatu. Mawu ena ndinkawachotsa m'mawa, madzulo n'kuwamvera chisoni, n'kuwabwezera pamalo pake.

Esinati ndi mnzanga kuyambira Sitandade 1. Timakhala desiki imodzi, timagawana chinangwa pa buleki. Iye analemba ndakatulo ya kondakitala wa minibasi. Anailemba pa buleki pomwepo, kuseri kwa kope la Bayoloje, chinangwa chili m'kamwa. Mphindi khumi sizinakwane.

"Chemwali, taona iyi," anatero akundiponyera kope. "Ili bho?"

Inali ya kondakitala amene amalumbira kuti malo alipo ambiri pamene mwendo wake womwe uli panja, ndipo amatchula aliyense kuti "bwana", ngakhale mbuzi imene aimangirira kumbuyo. Ndinaseka mpaka kutsamwa.

"Ili bwinoko," ndinayankha, n'kubweza kope osamuyang'ana.

Chifukwa ndine wosamala ndipo makope anga sapindika m'makona, Madamu anandisankha kuti ndiziyang'anira manambala a tsamba lathu. Lachitatu ndi Lachisanu tikaweruka, ndinkakhala pa kompyuta yachitatu kuchokera kukhomo (yoyamba imazima ikatentha, yachiwiri ilibe chilembo cha "a"), n'kumaona kuti kwabwera alendo angati. Tsiku loyamba Madamu anakoka mpando n'kukhala pambali panga.

"Taona apa, mwana wanga. Munthu akamabwera pa tsamba lathu, nthawi zambiri amabwera ndi kakalata konena kumene wachokera. Zili ngati wodwala amene amutumiza ku chipatala chachikulu ku Zomba, amanyamula kalata ya kuchipatala chaching'ono. Uyu wachokera pa masamba a mchezo. Uyu amasakasaka zinthu pa intaneti n'kutipeza. Koma taona mzere uwu."

Unali mzere wa alendo opanda kalata.

"Amenewa sitidziwa kumene achokera. Ena ndi makina chabe, timapulogalamu tongoyendayenda pa intaneti, tosawerenga kanthu. Amenewo ndi ofunika kuwasefa kuti asatinamize. Koma ena ndi anthu enieni. Mwina walemba yekha keyala ya tsamba, mwina mnzake wamutumizira linki mu uthenga wa pa foni. Choncho tizichenjera nawo, koma tisawathamangitse onse pamodzi. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

Ndinamva theka. Mawu akuti "makina", "kutinamiza" ndi "kusefa" analowa m'mutu n'kupeza pokhala. Enawo anangodutsa osaima.

Pansi pa cholemba chilichonse panali kanambala kooneka kwa aliyense, kosonyeza kuti chatsegulidwa kangati. Sabata yoyamba ine ndinali ndi 20, Esinati 34. Kusiyana kwake sikunali kwakukulu, koma kunandilanda njala.

Amayi ali ndi kafoni kakang'ono, kosweka pakona, komanga ndi labala. M'mawa akamapita ku dimba amakasiya pawindo. Keyala ya ndakatulo ya Esinati ndinali nditaikopera m'dayale, ndiye tsiku lina m'mawa ndinatenga kafoniko n'kuilemba chilembo ndi chilembo. Cholinga changa chinali choyera: ndinkafuna kupeza cholakwika. Chimodzi chokha. Ngakhale mpatuliro woikidwa polakwika ukanandichiritsa.

Ndinawerenga mpaka pansi. Cholakwika panalibe. Nambala inali 41.

Ndinatsuka mbale, n'kutsegulanso. 42.

Ndinaima ndi thovu la sopo m'manja. Mphindi khumi zokha, munthu wina wabwera kale! Ndinasesa pabwalo mothamanga, n'kutsegulanso. 43.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kulemba m'dayale, ndipo ndikukopererani mmene ndinalembera, kuti muone mutu wa munthu mmene umathera:

"Lachiwiri. 5:50 m'mawa, 58. 6:10, 59. 6:25, 60. Nthawi iliyonse ndikaona, yakwera ndi mmodzi. Anthu amenewa alibe ntchito kwawo? Sapita kumunda?"

(Inde, ndikudziwa. Inu mwaona kale. Ine sindinaone. M'mutu mwanga sindinali mlendo, ndinali wapolisi, ndipo wapolisi samuwerengera pamodzi ndi anthu obwera kudzagula pa msika.)

Nkhani yangayo sindinkaitsegula. Ndikaona mawu anga pa sikirini makutu amatentha, ngati ndamva wina akuwerenga dayale yanga mokweza. Koma ya Esinati ndinkailondera m'mawa ndisanapite kusukulu, ndi madzulo ndikabwerako. Ndipo popeza ndine munthu wosamala, sindinkangoyang'ana nambala. Ndinkawerenganso yonse, mzere ndi mzere, kuti mwina cholakwika chija chinandibisalira dzulo. Choipa kwambiri n'chakuti pofika pa mbuzi paja ndinkasekabe. Kuseka kokwiya, koma kuseka.

"Bandulo imeneyi ikudyedwa ndi chiswe kodi?" amayi anadandaula tsiku lina akugwedeza kafoni kawo. "Ndi bambo ako amenewa. Amanamizira kuona nyengo, akuonera mpira."

Ine ndinawerama n'kumasankha nyemba mwakhama.

Lachisanu lotsatira, ndili pa kompyuta yachitatu, ndinayang'ana bwinobwino kumene alendo a Esinati akuchokera. Mzere wa opanda kalata unali wonenepa kuposa mizere ina yonse. Mawu a Madamu anadzuka m'mutu mwanga: makina, kutinamiza. Zonse zinagwirizana. Ndani angawerenge ndakatulo 5:50 m'mawa? Munthu wabwinobwino nthawi imeneyo amakhala akutunga madzi. Ndinatsegula ndakatuloyo kawiri pa kompyuta yomweyo kuti nditsimikize, ndipo kawiri konse inakwera ndikuona ndi maso angawa.

Tsono makinawo Esinati anawapeza kuti? Ndinakumbukira azakhali ake, amene amagulitsa kaunjika pa Songani ndipo ali ndi foni yaikulu ngati mbale. Loweruka amayi atandituma anyezi, ndinapita ndi mtima wa ukazitape. Ndinabisala kuseri kwa mulu wa mabeseni, moyang'anana ndi benchi ya azakhaliwo. Esinati anali atakhala pa belo la zovala, foni ili m'manja, chala chikungodina, kudina, kudina. Ndinati m'mtima, ndakugwira. Ndinasendera pang'ono, phazi n'kugunda beseni la pansi, mulu wonse n'kugumuka ndi phokoso limene linaimitsa msika.

"Chemwali!" Esinati anakuwa. "Ukubisalira ndani kumeneko ngati nkhuku yaona mphamba? Tabwera!"

Nditathandiza mwini mabeseni kusanja (anandiuza mawu amene sindingalembe ngakhale m'dayale), ndinapita. Pa foni paja panali masewera ofoletsa zipatso. Esinati ankalimbana ndi mananazi.

"Azakhali, uyu ndi uja ndimakuuzani," anatero akundikoka dzanja. "Amalemba bwino kuposa tonse m'kalasi."

"Ndiye ndiwe? Khala apa, mwanawe, wawonda ndi maphunziro." Azakhali anaitana wa zigege n'kundipatsa zodzaza pepala.

Ndinadya zonse. Zinali zokoma, zotentha, za tsabola wokwanira. Madzulo ake ndinalemba m'dayale: "Wadziwa kuti ndikumukayikira. Wasintha sikirini msanga. Akufuna kunditseka pakamwa ndi zigege." Kenako ndinabwereka kafoni ka amayi n'kuona katatu ngati nambala yaima. Sinaime.

Linafika Lachisanu lomaliza zotsatira zisanalengezedwe. Esinati anali pa 214, ine pa 52. M'chipinda cha makompyuta tinatsala awiri, ine ndi Madamu, mpaka wina anabwera kudzawaitana kuti a hedi akuwafuna.

"Ukamaliza uzimitse bwinobwino," anatero akutuluka.

Malo a sefa ndinkawadziwa, Madamu anandionetsa tsiku loyamba lija n'kunena kuti tidzaphunzira limodzi. Panali kabokosi kongofunika kuchonga, kakuti alendo onse opanda kalata achotsedwe pa manambala. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti si nsanje, ndi chilungamo. Ndinapemphera kapemphero kakafupi, kamene kwenikweni kanali kopempha Mulungu kuti ayang'ane kwina pang'ono. Ndinachonga.

214 inagwa n'kukhala 66.

Sindidziwa ngati munamvapo kukoma kotere. Kuli ngati kuchotsa munga umene wakhala m'phazi mwezi wathunthu. Ndinagwira mbewa ya kompyuta kuti nditsike m'munsi ndione nambala yanga, kuti ndidziwe mtunda umene watsala pakati pathu. Nthawi yomweyo magetsi anazima.

Sindinadandaule. Ndinayenda ulendo wa kunyumba ndikuimba. Ndinatunga madzi osatumidwa, ndinachapa ndi zovala za bambo zomwe, mpaka amayi anandigwira pachipumi kuti aone ngati thupi latentha. Loweruka ndi Lamlungu kafoni kaja sindinakakhudze n'komwe. Ndinagona tulo ta munthu wolungama.

Lolemba tikaweruka, kalabu yonse, anthu ngati makumi awiri, tinaunjikana kumbuyo kwa Madamu. Esinati anandikolowekera dzanja m'khosi, chibwano chili paphewa langa. Madamu anatsegula manambala, n'kukwinya nkhope.

"Zasintha bwanji izi? Chabwino, tiyeni tione. Woyamba ndi Patuma wa Fomu 1, nkhani ya kawetedwe ka nkhunda, 70."

Patuma anadzidzimuka ngati amuponda. Nkhani yake achimwene ake anaiika pa masamba a mchezo, ndiye alendo ake onse anali ndi makalata.

"Wachiwiri Esinati, 66."

"Ii! Lachisanu ndinali pa 200 ndi kanthu," anatero Esinati, dzanja likumasuka m'khosi mwanga.

Madamu anapitiriza kutsika. Wachitatu sindinali ine. Wachinayi ayi. Anadutsa ndakatulo ya chikondi imene aliyense amadziwa kuti mwini wake anaiba m'nyimbo, anadutsa nkhani ya ubwino wa chimbudzi. Pansi penipeni, pomalizira, anatchula dzina langa.

"Atatu."

Zaka zitatu ndakhala m'kalabu imeneyi, ndipo ena ankaganiza kuti ndine wosalankhula. Tsiku limenelo mawu anga anamveka mpaka ku bwalo la mpira.

"Atatu?! Madamu, sefa ija yandidyera anthu anga!"

Madamu anatembenuka pang'onopang'ono ndi mpando womwe.

"Sefa iti, mwana wanga?"

Pamenepo munthu wanzeru akanalira n'kupepesa. Ine ndinasankha kukumba dzenje lozama. Ndinafotokoza, ndikuyang'ana nsapato zanga, kuti ndinachonga kabokosi kaja pofuna chilungamo, chifukwa alendo a Esinati ambiri analibe kalata, ndipo ankabwera nthawi zosayenera, ndipo Madamu munanena nokha kuti amenewo ndi makina.

"Ndinati ena," anatero Madamu.

Esinati anasuntha n'kuima patsogolo panga. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Iwe? Ukuti ine ndaba?"

Ndinaweramitsa mutu.

"Chabwino," Madamu anatero akuvala magalasi. "Mlandu wafika, tiuzenge. Ndipo nonse muyang'ane, chifukwa ili ndi phunziro limene ndinkalisungira teremu ya mawa. Mlendo akabwera wopanda kalata sitimuthamangitsa, timaona mayendedwe ake."

Anachotsa chongi changa, manambala n'kubwerera. Kenako anatsegula mndandanda wautali wosonyeza ulendo uliwonse: nthawi yake, mtundu wa foni kapena kompyuta, ndi kutalika kwa nthawi imene mlendo anakhala.

"Taonani awa. Alowa masamba onse pa kamphindi kamodzi, ngakhale la chimbudzi, ndipo paliponse sanakhale ngakhale sekondi. Alipo munthu amawerenga chonchi?"

"Ayi, Madamu!"

"Awa ndiye makina. Awa tisefa, ndipo ndi ochepa. Tsopano tione anthu amene mnzathuyu akuti adyedwa."

Anatsegula a nkhani yanga ya mvula. Anali mafoni osiyanasiyana, ngati makumi anayi, iliyonse kamodzi kapena kawiri. Ambiri anabwera tsiku limodzi, Lachinayi masana, mu ola limodzi.

"Lachinayi masana kumakhala chiyani kuno?" anafunsa Madamu.

"Msonkhano wa amayi kutchalitchi!" anthu angapo anayankhira limodzi.

Ndinamva ngati pansi pasuntha. Amayi anga, amene ndinkaganiza kuti za tsamba lathu sizikuwakhudza, anatumiza linki pa gulu la pa foni la amayi a kutchalitchi, osandiuza. Linki yotumizidwa mu uthenga sibwera ndi kalata. Ndiye kuti ndi chala changa chomwe ndinasesa amayi anga ondibereka ndi anzawo onse, n'kuwataya pamodzi ndi makina.

"Nanga atatu otsalawo ndi ndani?" wina anafunsa. (Pamakhala wina nthawi zonse.)

"Mmodzi ndine. Wina ndi a hedi. Wachitatu," Madamu anayang'anitsitsa, "amafufuza ngati mvula igwe ku Zomba. Anakhala masekondi awiri."

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa kadzutsa chabe. Chakudya chenicheni chinali m'njira.

"Tsopano a Esinati. Awa ndi mafoni osiyanasiyana, kamodzikamodzi, ambiri Loweruka. Ndikuganiza ndi makasitomala a azakhali ako."

"Amawakakamiza kuwerenga asanawapatse siketi," anatero Esinati, nkhope ili youma.

"Ndi anthu enieni, palibe vuto. Koma taonani uyu." Madamu anasiya kulankhula, n'kumatsitsa mndandanda. Ankatsitsa, kutsitsa, osafika pothera. "Foni imodzi. Yaing'ono, yakalekale. Imabwera m'mawa isanakwane 6:30, imabweranso madzulo ikadutsa 4 koloko. Nthawi ya sukulu sibwera. Lamlungu kuyambira 9 mpaka 12 imasowa."

Ndinayamba kumva kutentha kumapazi.

"Ndiye makinawo amenewo, Madamu?" anafunsa Patuma.

"Makina sapita kutchalitchi, Patuma. Ndiponso uyu ulendo uliwonse amakhala mphindi zinayi, amawerenga mpaka pansi. Uyu ndi munthu. Wabwera ka 117."

Chipinda chinaphulika. "Esinati ali ndi chibwenzi chachinsinsi!" Ena ankaimba nthungululu, ena ankamenya madesiki. Mayina a anyamata anayamba kuuluka: wina anati ndi wa kwaya uja, wina anati ndi wa kabaza wa pa Naisi amene amamupatsa moni kawiri. Ine ndinali nditaima ngati mtengo, manambala a m'dayale yanga akuyenda m'mutu. 5:50. 6:10. 6:25. Kutentha kuja kunali kutafika m'makutu.

Ndikanatha kukhala chete. Ndikuvomera kuti ndinaganiza zimenezo, ndipo ndinaziganiza mokwanira. Koma ndinayang'ana Esinati. Sankaseka. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo, ndipo chaka chatha anayenda wapansi mpaka kusukulu chifukwa cha kapepala kamene anakapeza m'chikwama chake, kamene kanali ka masamu.

"Madamu, chonde, zisafike kwa bambo," anatero. "Ine sindikumudziwa munthu ameneyu. Anditulutsa m'kalabu."

Madamu anakweza dzanja, phokoso n'kutsika. Sanandiyang'ane. Analankhula akuyang'ana sikirini, mofatsa kwambiri.

"Pali chinanso. Lachitatu ndi Lachisanu tikaweruka foni imeneyi imachedwa kubwera. Koma nthawi yomweyo ndakatuloyi imatsegulidwa pa kompyuta ina ya m'chipinda chino. Sinditchula kuti ndi iti."

Ndinakweza dzanja. Linali lolemera ngati ndowa yodzaza.

"Ndi foni ya amayi anga, Madamu."

Sindifotokoza phokoso limene linatsatira. Ndingonena kuti mlonda anabwera kudzaona ngati kwalowa njoka. Mtsikana wina wa Fomu 4 anakhala pansi, pasimenti, akupukuta misozi. Wina anakuwa kuti, "Chibwenzi chija chapezeka!" Mbava imene ndinailondera milungu itatu, imene ndinaigumulira mabeseni pa msika, inali itaima m'nsapato zanga.

Madamu okha sanaseke, ngakhale milomo yawo inkavutika. Anakonza sefa pamaso pa tonse: makina kunja, ndipo munthu mmodzi aziwerengeredwa kamodzi, abwere kangati. Maulendo anga 117 anasanduka mmodzi. Esinati anakhalabe woyamba, Patuma wachiwiri, ine wachitatu, amayi a kutchalitchi atabwezedwa m'malo mwawo.

"Ntchito ya manambala sindikulanda," anandiuza anthu akutuluka. "Tsopano ukuidziwa kuposa aliyense. Koma kabokosi kalikonse usanachonge, uzindifunsa. Ndipo uli ndi munthu woti ulankhule naye."

Popita kunyumba Esinati anali patsogolo, ine pambuyo, ngati anthu osadziwana. Tinadutsa minda ya nzimbe. Titafika pa mlatho anaima.

"Ka 117, chemwali?"

"Ndimafuna cholakwika."

"Unachipeza?"

"Ayi."

Anayang'ana madzi kanthawi. "Zoti umandichitira nsanje sindikudandaula, ngakhale ine ndimakuchitira pa mayeso. Koma kundinena kuti ndaba, pagulu, kumeneko kwandiwawa."

Apa ndiye ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina. Ndinapepesa katatu. Anandisiya ndilire mpaka anaona kuti zakwana, kenako anandipatsa mpango wake. Tikuyendanso, mtima utatsika pang'ono, ndinalimba mtima n'kufunsa funso limene linkandidya kuyambira pachiyambi.

"Nanga yanga ija unaiwerenga?"

"Ndinayamba," anatero Esinati mosavutika. "Ndi yokoma zedi. Koma chemwali, mvula yako siikata. Ndinafika pa ufa paja n'kugona."

Mpango wake ndinaubweza wonyowa, ndipo sindinapepese.

Kunyumba nkhani inali itandipitirira kale. Ndinapeza amayi atakhala pakhonde, kafoni kali pamwendo.

"Ndiye ndamva kuti unatisefa."

"Amayi, sindimadziwa kuti ndinu."

"Mayi Namaona anabwereka magalasi a amuna awo kuti awerenge nkhani yako. Mayi busa anaiwerenga mokweza kwa amene alibe mafoni. Ena analira pa ufa paja. Iwe n'kutitaya ngati madeya?" Anapukusa mutu. "Ndipo bambo ako ndawanamizira milungu itatu kuti akundithera bandulo. Ukawapepese wekha, ine nkhope ndilibe."

Tsiku lotsekera sukulu Esinati anaima kutsogolo, anagogoda maikolofoni ngati wakhala akuchita zimenezi moyo wake wonse, n'kulakatula. Makolo anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Bambo ake, mkulu wa mpingo uja, anabisa nkhope m'chipewa mapewa akugwedezeka. Ine ndinawomba m'manja mpaka zikhatho kufiira, ndipo ndikhulupirira kuti theka la kuwombako linali lochokera pansi pa mtima. Amene anaseka mokweza kuposa onse, mzere wachiwiri, ndi amayi anga.

Tikubwerera kunyumba anandipatsa kafoni kaja.

"Mwana wa a Esinati uja ali ndi mutu," anatero akusekabe. (Akasangalala amasokoneza mayina.) "Tandipezera linki yake, ndiwagawire amayi anzanga. Kapena keyala yake waiiwala?"

Sindinaiiwale. Ndinailemba osayang'ana m'dayale, n'kuwapatsa, ndipo anaitumiza pomwepo tili pamsewu.

Ndiye sukulu ikatsegulira, Lachitatu loyamba, ndikakhala pa kompyuta yachitatu, ndikawapeza amayi makumi anayi aja, anthu anga, atafola pa ndakatulo ya Esinati, onse opanda kalata. Ndikudziwa tsopano kuti si makina. Ndikawawerengera onse, mmodzimmodzi, osataya ngakhale mmodzi. Koma Madamu asandiuze kuti ndizimwetulira.